Kodi Nkoyenera Kugula Chinsinsi kwa Wakuba?

Wakuba wa makedzana ankathyola nkhokwe usiku nanyamula chimanga. Wakuba wa masiku ano sathyola chitseko. Iye amalowa m'makompyuta a chipatala, a banki kapena a boma kudzera pa intaneti, nakopera maina a anthu, nambala za mafoni awo ngakhalenso mbiri ya matenda awo. Kenaka amatseka makompyutawo ndi pulogalamu yotchedwa ransomware, nalengeza kuti akapanda kulandira dipo aulutsa zonse. Kodi nkoyenera kupereka dipo lotere?

Funsoli si lachilendo kwathu kuno. Mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zidalowa m'makina opangira mapasipoti ndipo zinkafuna dipo. Iye adanenetsa kuti boma silipereka. Kwa masabata angapo anthu sadathe kulandira mapasipoti.

Amene amati dipo liperekedwe ali ndi mfundo yosayenera kuipeputsa. M'chaka cha 2022, ku Australia, mbava zidaba mbiri ya anthu 9.7 miliyoni ku kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo yotchedwa Medibank. Kampaniyo itakana kulipira, mbavazo zidaulutsa zina mwa zimene zidaba, kuphatikizapo maina a amayi amene adachotsa pakati. Tangoganizani mayi amene sadauze ngakhale mbale wake za nkhani yotere! Kodi ulemu wake sudali woposa ndalama?

Komabe tiyeni tifunse chimene dipolo limagula. Mbuzi yobedwa ikabwezedwa, wakubayo amatsala chimanjamanja. Chinsinsi sichitero, pakuti wochikopera amakhala nachobe ngakhale alumbire kuti wachifufuta. Choncho wolipirayo amangogula lonjezo la wakuba. M'chaka cha 2024, ku America, kampani ya Change Healthcare idapereka madola 22 miliyoni, koma pasanapite nthawi gulu lina la mbava lidatulukira nkunena kuti nalonso lili ndi mbiri yomweyo ya odwala. Kuwonjezera apo, ndalama zoperekedwa lero ndizo zimapatsa mbavazo mphamvu yoti mawa zikaukire chipatala china. Kulipira kuli ngati kuponyera fisi nyama kuti achoke pakhola: mawa abweranso, mwinanso ndi anzake. Pa zifukwa zimenezi, ine ndikuona kuti kukana nkowawa, koma ndiko koyenera.

Kukana kokhako sikukwanira. Bungwe limene laberedwa lili ndi ngongole kwa eni zinsinsiwo, ndipo ngongoleyo ndi kuwauza zoona mwamsanga. Mbava nthawi zina zimakokomeza zimene zaba pofuna kuopseza, kotero bungwe likakhala chete anthu amatsala akumvera wakuba yekha. Kubisa tsoka lotere pofuna kuteteza dzina la bungwe ndi kulakwira anthuwo kachiwiri.

Nayenso mwini chinsinsi ali ndi udindo. Madzi akatayika saoleka, koma otsala mumtsuko amatetezeka. Akamva kuti kumene adapereka mbiri yake kwaberedwa, asinthe mawu achinsinsi olowera m'makaunti ake, ndipo asagwiritse ntchito mawu amodzimodzi paliponse. Achenjerenso ndi womuimbira foni amene akumutchula dzina lonse ndi tsiku lobadwa, namupempha nambala yachinsinsi ya ku banki kapena ya ndalama za pafoni. Kudziwa dzina la munthu si umboni wa chilungamo; mwina dzinalo nlobedwa lomwe lija.

Udindo wotsiriza ndi wa tonsefe. Ndili mphunzitsi, mnyamata wina adatola kalata ya mtsikana mnzake naiwerenga mokweza m'kalasi. Chidamuliza mtsikanayo sadali mawu a mnyamatayo, koma kuseka kwa anzake makumi anayi. Chiopsezo cha mbava za pa intaneti chimadaliranso anthu oseka otere. Amene amafunafuna zinsinsi zoulutsidwa, naziwerenga ndi kuzitumiza kwa anzake, akumalizitsa ntchito imene wakuba adaiyamba.

Ophunzira inu, tsiku lina chinsinsi cha mnansi wanu chidzafika pafoni yanu. Musadzachiwerenge, musadzachitumize kwa wina. Manyazi ndi a wakuba, osati a woberedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.