Asilikali Osungunulidwa: Kodi Cimene Wapanga Ungaciwononge?

Kumayambililo kwa caka ca 2011, anthu okonda masewela a nkhondo za pathebulo ku Britain ndi ku America anayamba kunong'onezana nkhani imene inawapweteka mtima. Anali kukamba kuti kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, m'dziko la England, ifuna kusonkhanitsa tizidole tacitsulo timene tinatsala osagulidwa, ikatiponye m'moto ndi kutisungunula. Ena anali kulumbila kuti anamva kwa wogulitsa m'sitolo, ena kwa m'bale wa munthu wogwila nchito ku fakitale. Mudziwa mmene mphekesela imayendela: mwini nkhani sapezeka, koma aliyense ali ndi msuweni amene anaona ndi maso.

Masewela amenewa ambili a ife kuno sitinawaonepo. Anthu awili amayala thebulo lalikulu, naikapo timapili, timitengo ndi tinyumba topanga. Aliyense amabwela ndi gulu lake la tiasilikali, kalikonse kotalika mamilimita pafupifupi 28, kocepa kuposa cala cacikulu. Amapima mtunda ndi tepi, amaponya madaisi, ndipo buku la malamulo ndilo limagamula amene wagwa ndi amene wapulumuka. Si masewela a dzulo. Asilikali a ku Prussia anali kuphunzila nkhondo mwanjila yotele m'zaka za m'ma 1820, ndipo wolemba mabuku H. G. Wells anatulutsa malamulo ake m'buku la Little Wars mu 1913. Games Workshop inayamba ku London mu 1975, inatulutsa Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987. Tizidole timagulidwa tosapaka utoto. Wogula amakhala usiku ndi kabulashi kosongoka ngati singano, kupenta maso, mabatani ndi malamba. Akulu-akulu a ndevu zawo amathela malipilo pa zimenezi, ndipo musawaseke, cifukwa nafenso tili ndi amalume amene amadwala mutu Arsenal ikaluza.

Zimene zinacitika poyela ndi izi. Citsulo copangila tizidole cinali cosakaniza, ndipo mbali yaikulu inali tini. Mu April 2011 mtengo wa tini pa msika wa ku London unapitilila madola 30,000 pa tani imodzi. Mwezi wotsatila, mu May, kampaniyo inatulutsa tizidole tatsopano topangidwa ndi utomoni wa m'fakitale, pansi pa dzina lakuti Finecast, ndipo tacitsulo tambili tinayamba kusowa m'mashelefu. Tatsopanoto tinali todula, ndipo ogula ambili anadandaula kuti tinali kubwela ndi timabowo ndiponso topindika. Kampaniyo inali yodziwikanso kuti siulula mapulani ake katundu asanatuluke. Ikani pamodzi citsulo cokwela mtengo, mashelefu oyamba kuuma ndi mwini sitolo wosalankhula, mphekesela idzimelela yokha.

Funso limene nkhaniyi inandisiyila ndi lakale kwambili kuposa tizidole. Kodi munthu ali ndi ufulu wowononga cinthu cake cimene cili bwino-bwino, pamene pali wina amene acifuna?

Ndinaliponya funsoli kwa ana anga a giledi 11 tsiku lina phunzilo litatha msanga. Mnyamata wina wa kumbuyo sanacedwe: "Ba Ticha, ni vinthu vake. Olo afune kuvitaya mu Kafue, ni vake." Mtsikana amene amayi ake amagulitsa tomato pa msika anamuyang'ana cammbali nati: "Manje ngati ni vake, n'cifukwa cani abisa?" Belu linalila asanagwilizane, koma awiliwa anagawana bwino mkangano wonse umene anthu ophunzila akhala akulimbana nawo kwa zaka mazana.

Mnyamatayo lamulo lili kumbali yake. M'maiko ambili, cako ndi cako: ungacigulitse, ungacipatse munthu, ungaciphwanye. Palinso zifukwa zomveka. Katundu wokhala m'nyumba yosungilamo amadya ndalama za lendi, za alonda ndi za inshuwalansi. Kampani ili ndi anchito ofunika malipilo kumapeto kwa mwezi. Ndipo pa zinthu zonse zimene munthu angawononge, citsulo ndico cimakhululuka kwambili. Ukasungunula kasilikali ka tini, tini sapita kulikonse. Amakhala madzi, amathilidwa m'cikombole cina, mawa ndi kavalo. M'mafakitale otele, kadole kakatuluka kopunduka amakabwezela mumphika tsiku lomwelo, ndipo palibe amene amalila malilo. Ife a m'komboni izi tizidziwa bwino. Mapoto olemela a aluminiyamu amene amayi amaphikila nsima pa malilo, ambili anali zidutswa za injini kapena mapoto ena akale asanakumane ndi moto.

Pa mfundo iyi ndimakumbukila John Locke, Mngelezi amene analemba za boma ndi katundu mu 1689. Iye anaphunzitsa kuti cinthu cimakhala cako ukasakaniza thukuta lako ndi cimene cilengedwe capeleka, koma anaikapo malile. Ukathyola zipatso zambili kuposa zimene ungadye, n'kuzisiya ziwole, walanda anzako, cifukwa zikanawadyetsa. Kenako anapeza kakhomo kotulukila: ukasinthanitsa zipatsozo ndi golide kapena siliva, ungaunjike mmene ufunila, pakuti citsulo siciwola. Mwa maganizo amenewa, wosungunula tizidole alibe mlandu. Palibe cawola. Sikelo ionetsa makilogalamu omwewo.

Koma sikelo siona zonse, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi mnyamata wanga wa kumbuyo. Munthu wogula kasilikali sagula magalamu a tini. Tini wa m'kadole kamodzi ndi wa ndalama zocepa kwambili poyelekeza ndi mtengo wa pa paketi. Cimene amalipila ndi maonekedwe: nkhope, mapindo a covala, mmene dzanja lagwilila lupanga. Maonekedwewo anaumbidwa ndi munthu. Amapasa awili, Alan ndi Michael Perry, anaumbila kampaniyi tizidole kwa zaka zoposa 30. Mu 1996 Michael anaduka dzanja lamanja pa ngozi ya mzinga, pa cionetselo cokumbukila nkhondo yakale ya ku Crécy, ku France. Anaphunzila kuumba ndi dzanja lamanzele, nabwelela pa nchito. Ukaponya kadole kotele mumphika, tini amapulumuka, koma nchito ya dzanja lamanzele lija imasungunuka. Ngati cikombole cacotsedwanso pa nchito, ndiye kuti tizidole timene tinatsala m'mashelefu tinali totsiliza ta mtundu wake.

Ngakhale n'telo, sindinganene kuti ciliconse coumbidwa ndi munthu ciyenela kusungidwa mpaka muyaya. Tikatelo dziko lidzadzala ndi zinyalala zokongola. Woumba mbiya amaphwanya imene yang'aluka, telala amasula msoko wokhota. Kwa ine mlandu uli pa cifukwa cowonongela. Pali kuwononga cinthu cifukwa palibe acifuna, ndipo pali kuciwononga cifukwa alipo ocifuna, koma ali ndi ndalama zocepa, ndipo iwe sufuna kuti acipeze pa mtengo wotsika. Moto wake ndi umodzi, koma milandu ndi iwili. Mlandu waciwiliwo ndiwo unakwiyitsa osewela aja. Iwo anali kufunsa kuti: bwanji osatsitsa mtengo, tigule? Akale pakati pawo anali kukumbukila kuti mu 1997, pamene kampaniyo inaleka kugwilitsa nchito mtovu, inagulitsa tizidole takale mochipa, ndipo anyamata a matumba owonda anakwanitsa kumanga magulu awo a nkhondo. Yankho limene iwo anali kuganizila ndi lakuti munthu amene wagula kapitawo wacitsulo pa theka la mtengo sadzagulanso kapitawo yemweyo wa utomoni pa mtengo wonse.

Maganizo otele sanali misala, cifukwa makampani ena anaonekela poyela. Mu 2018, kampani ya zovala zodula ya Burberry inalemba yokha m'lipoti lake la pacaka kuti inawononga zovala, zikwama ndi mafuta onunkhila a ndalama zokwana mapaundi 28.6 miliyoni m'caka cimodzi. Anthu atakuwa, mu September caka comweco inalengeza kuti yaleka. Kampani ya Richemont, mwini wake wa Cartier, inagulanso mawochi ake osagulidwa a ndalama pafupifupi mayulo 500 miliyoni m'zaka ziwili, n'kuwamasula, kuopa kuti angagulitsidwe mochipa. Pa katundu wotele, cimene wolemela amagula ndi cakuti wosauka alibe. Jekete ikangofika pa msana wa kondakitala wa minibasi, mtengo wake kwa bwana watha. Conco amaiwotcha kuti ateteze mpanda pakati pa bwana ndi kondakitala.

Ndiye mtsikana wa tomato uja anagunda pamutu pa msomali ndi funso lake lakuti abisilanji. Ogulitsa pa msika, tomato akayamba kufewa madzulo, amatsitsa mtengo, amaonjezela mbasela, otsala amapita nawo kunyumba kapena amapatsa mnansi. Wogulitsa amene angapondeponde tomato wabwino pamaso pa anthu kuti mtengo wa mawa usagwe, msika wonse ungamuone ngati mfiti. Makampani aakulu amadziwa zimenezi, n'cifukwa cake nchito yotele imacitika kuseli kwa geti. Ndipo cinsinsico ndico cimapatsa mphekesela miyendo. Mu 1983, kampani ya masewela a pa TV ya Atari inakataya katundu wake wosagulidwa ku dzala la ku Alamogordo, ku New Mexico. Patapita zaka, ambili anayamba kuiona nkhaniyo ngati nthano cabe. Mu April 2014 anthu anakumba pamalopo, makaseti a masewela anatuluka m'dothi, ena akali m'mabokosi awo. Nkhani zotele zikatsimikizika kamodzi, anthu amakhulupilila khumi zotsatila popanda kufunsa, zoona ndi zabodza zomwe. Sindikonda mwambi uja wakuti utsi sufuka popanda moto, cifukwa waipitsa mbili ya anthu ambili osalakwa m'makomboni mwathu. Koma kampani imene imatseka pakamwa pamene makasitomala ake afunsa funso losavuta, isadabwe akayamba kudziyankha okha.

Pali cina cimene lamulo la katundu silitha kuona. Munthu amene wathela zaka khumi akupenta gulu lake, amene waphunzitsa mng'ono wake malamulo, amene wakokela anzake asanu ku sitolo, amamva kuti masewelawo ndi akenso. Pa pepala alibe gawo ngakhale limodzi m'kampani. Koma popanda iye ndi anzake, kasilikali kaja kakanakhala kacidutswa ka tini basi. Mtengo wake unamangidwa ndi anthu awili, woumba ndi wosewela. Ndiye pamene mmodzi aganiza yekha kuti asungunule, winayo ali ndi cifukwa comveka cokhumudwila, ngakhale khoti silingamumvele. Izi sizimupatsa mphamvu yolamula mitengo. Zimamupatsa ufulu wouzidwa zoona, ndi wopatsidwa mpata wotsiliza wogula moto usanayake.

Wina anganene kuti yankho ndi losavuta: osawononga, apatse osauka. Ife a ku Zambia tiyenela kuyankha mosamala, pakuti ndife amene timakhala kumapeto kwa msewu umenewo. Mabelo a salaula amene amatsegulidwa ku Soweto Market m'mamawa ndi zovala zimene Ulaya ndi America sanafune. Zativeka bwino pa mtengo wocepa, zadyetsa mabanja ambili, ndipo ine amene ndilemba, jekete yanga ya pa nchito inacokela m'belo. Koma matelala ndi mafakitale a nsalu a kuno anavutika kupikisana nazo, ndipo zosagulika zimathela m'ngalande zathu. Kupatsa nthawi zina kumakhala kutaya zinyalala zako pabwalo la mnzako. Ndipo kunena zoona, mwana wa ku Kanyama sangapindule kanthu ndi bokosi la tiasilikali topanda buku la malamulo, thebulo kapena mnzake wosewela naye. Amene anali kutifuna ndi wophunzila wa ku Leeds kapena ku Glasgow amene ndalama za m'thumba sizinali kukwana.

Dziko la France linasankha kuloŵelelapo. Lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2020, n'kuyamba kugwila nchito pa 1 January 2022, limaletsa makampani kuwononga katundu watsopano wosagulidwa monga zovala, zipangizo za magetsi ndi sopo. Ayenela kumugwilitsanso nchito, kumupeleka ku mabungwe othandiza anthu, kapena kumukonzanso akhale cinthu cina. Ndi sitepe yabwino, ndipo boma linavomeleza poyela kuti "ni vake" si mawu otsiliza. Koma taonani njila yacitatuyo. Kusungunula citsulo kuti upangile cina kumawelengedwa ngati kukonzanso. Kampani imene yasonkhanitsa tiasilikali tabwino-bwino n'kutithila mumphika, pamene ogula aimilila pakhomo ndi theka la mtengo m'manja, ingathe kulemba m'lipoti lake kuti yasamalila cilengedwe, ndipo woyendela wa boma angasaine.