Fumbi Lokhala ndi Uthenga

M'chaka cha 1967, Peter Wolf wa ku Birmingham, atazunguza madzi a m'magazi m'makina a liwiro loopsa, anaona tinthu tosaoneka ndi maso wamba titadikha pansi, natitcha fumbi. Pofika 1983, Rose Johnstone wa ku Montreal anapeza kuti maselo ofiira a nkhosa, pamene akukhwima, amatulutsa timatumba totere, ndipo ambiri anatiyesa zinyalala zopita kudzala. Koma mu 2007 Jan Lötvall ndi anzake ku Gothenburg anaonetsa kuti timatumbati timanyamula RNA kuchoka ku selo lina kunka ku linzake, monga mthenga wa mfumu aperekera mawu kumudzi wakutali.

Pamenepa pabuka funso lakale: kodi m'ntchito za Namalenga muli kanthu kachabe, kapena ndi ife ana a anthu amene tifulumira kutcha chabe chimene sitinachimvetse?

Taonani ntchito imene ofufuza ali nayo lero. M'dontho limodzi la magazi muli timatumba tosawerengeka tochokera ku ziwalo zosiyanasiyana, ndipo tochokera ku chotupa cha khansa tingakhale towerengeka pakati pa khamulo; kotero iwo amazunguza magaziwo ndi mphamvu yoposa yokokera zinthu pansi ka 100,000, amasefa monga mwa kukula kwake, kapena amatcherapo timikanda ta maginito togwira tokhato tokhala ndi chizindikiro chofunidwa, pokhulupirira kuti tsiku lina nthenda idzadziwika isanazike mizu, pakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndi kuti timatumba tomweti tidzatumidwa kukatula mankhwala pamalo podwala penipeni. Ali ngati mayi wopeta ndi lichero, amene dzanja lake lidziwa kulekanitsa mphale ndi gaga. Koma mayiyo anaphunzira kwa amake chimene chili chakudya, pamene iwowa akali kuphunzira, ndipo chimene achiuluza lero chingakhale uthenga umene akhala akuufuna.

Ine ndiyesa kuti nzeru yoona iyamba ndi kuopa kutaya msanga. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zaka 40 zinapita fumbi lija lisanamveke mawu ake. Ngati Chauta anaika uthenga m'kanthu kamene akatswiri anakatcha fumbi, tiyenera kunjenjemera tisanatche munthu mnzathu wopanda pake, popeza ifenso tinaumbidwa ndi dothi.