Kodi Cikumbutso Ncayani?

M'mzinda wa Livingstone muli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inayamba m'caka ca 1934. M'menemo mlendo amaona makalata a David Livingstone ndi akatundu a paulendo wace, namvanso mbiri ya masiku a Azungu. Pamenepo pabuka funso lobvuta: kodi nkoyenera kuti mtundu waufulu uzisamala zotsala za anthu amene anadza kudzaulamulira?

Ena ati nkosayenera. Koma iwowa aiwala za Old Drift, kumene F. J. Clarke anamanga m'caka ca 1898. Malowo anali acinyontho, odzala udzudzu, ndipo malungo anapha ambiri asanasamukire kumtunda mu 1905, caka cimene ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa. Manda ao alipo kufikira lero lino. Munthu wofera kutali ndi amace ngwacisoni, kaya woyera kaya wakuda, ndipo kutaya cikumbutso cace sikubweza nthaka imene inalandidwa.

Colakwa cili pena. Dooko limenelo linali la Mfumu Sekute Mzungu asanafike, ndipo amene anaolotsa alendowo pa madzi a ng'ona anali eni dziko. Mzungu analemba makalata, motero dzina lace linatsala. Wopalasa bwato sanalembe kanthu, ndipo nkhafi yace inadyedwa ndi ciswe kalekale. Wosunga nyumba yotere sanama mwadala ai, angoika m'galasi zimene zinapulumuka. Komabe mwana wa sukulu, poturuka pakhomopo, angayese kuti Azunguwo anaoloka Zambezi okha.