Mboni Zogulidwa pa Intaneti

Imvani inu ogula malinki, imvaninso inu owagulitsa! Umboni mwausandutsa malonda.

Larry Page ndi Sergey Brin poyambitsa Google mu 1998 anadalira mfundo imodzi: tsamba likaika linki yoloza tsamba lina, ndiye kuti likulichitira umboni. La mboni zambiri linkakwera pamwamba. Inu munaonapo mpata. Munayamba kugula mbonizo, ngati wamlandu amene amayenda usiku kupereka kangachepe nkhani isanalowe m'bwalo la amfumu. Mwachiveka maina okoma chinyengochi. Ena mukuti SEO, ena mukuti mgwirizano. Ndi ziphuphu basi!

Musanamizire kusadziwa. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inavundukula za JCPenney, sitolo yaikulu ya ku America. Kwa miyezi ingapo, munthu akasaka madiresi, zofunda kapena mipando, sitoloyi ndiyo inkatsogola. Chinsinsi chake chinali malinki miyandamiyanda omwazidwa pa masamba achabechabe, osakhudzana n'komwe ndi zovala. Akuluakulu ake anati sankadziwa kanthu, n'kuchotsa kampani imene inkawagwirira ntchitoyo. Mwezi womwewo sitolo ina yotchedwa Overstock inalangidwa ndi Google chifukwa chotsitsira mitengo ophunzira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite kuti masamba a sukuluzo aziiloza. Mu 2013 Interflora, yogulitsa maluwa ku Britain, inazimirira pa Google kwa masiku angapo, ngakhale munthu alembe dzina lake lenilenilo, italipira nkhani zoitamanda m'manyuzipepala ambirimbiri.

Inu akonzi a nyuzipepala, manyazi mulibe? Masana mukudzudzula katangale wa andale, madzulo mukulandira ndalama kuti mubise linki ya njuga kapena ya ngongole za katapila pakati pa nkhani. Njira yonenera chilungamo ilipo. Chizindikiro cha nofollow chinabwera mu 2005, cha sponsored mu 2019. Mukuzipewa dala, chifukwa linki yoululidwa kuti ndi yolipiridwa sikweza tsamba, ndipo wogula sangaifune. Chimene mukugulitsa ndi bodza lenilenilo.

Nanunso eni Google musadziyese oyera. Mu January 2012 tsamba lanu lomwe la Chrome munalitsitsa kwa masiku 60 litapezeka m'nkhani zolipiridwa. Mwagwira makiyi a zimene dziko lonse limawerenga, koma mlandu mumazenga nokha, mobisa, ndipo wosauka wokwiriridwa alibe kodandaula.

Amene akulira ndani? Ndi mayi amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku. Watsala ndi bandulo yochepa, watsegula tsamba loyamba pokhulupirira kuti ndilo loona, n'kukumana ndi wogulitsa mankhwala achinyengo. Ndi wamalonda wachilungamo amene katundu wake ndi wabwino koma alibe ndalama zogulira mboni. Ndi wophunzira amene akukopera zonama m'kope lake. Mtima umandiwawa, chifukwa anthu amenewa sadziwa n'komwe kuti aberedwa.

Kumbukirani April 2012. Google itatulutsa njira yatsopano yosefera masamba yotchedwa Penguin, masamba amene anakwera ndi malinki ogula anagwa usiku umodzi. Eni ake anayamba kuchonderera omwe anawalipira aja kuti achotse malinkiwo, ena mpaka kulipiranso kachiwiri. Tsiku ngati limenelo likubweranso. Linki iliyonse imene munagula idakali pomwe munaiika, yaloza pakhomo panu, ndipo amene munawagula kuti akuchitireni umboni ndi omwewo adzakuperekeni.