Mawondo a Gadi

Mdzukulu wanga, takhala pansi, mpirawo uuike kaye pambali. Mayi ako akuti masiku ano sulankhula china koma basketball, ndipo wauza anthu onse kuti udzakhala gadi wa timu yaikulu, woyendetsa mpira, wolipidwa nazo. Sindikuletsa ayi. Ndinakuona ukusewera Loweruka lija, ndipo liwiro uli nalo. Liwiro lomwelo ndi limene ndakuitanira, chifukwa ndikufuna ndikuuze za munthu wina amene anali nalo kuposa onse a m'nthawi yake.

Dzina lake ndi Derrick Rose. Anabadwa mu 1988 ku Englewood, dera la amphawi mumzinda wa Chicago, ndipo analeredwa ndi mayi ake pamodzi ndi akulu ake atatu amene ankamutchinjiriza ku zoipa za m'misewu. Atasewera chaka chimodzi ku yunivesite ya Memphis, timu ya kwawo, Chicago Bulls, inamusankha woyamba mwa achinyamata onse olowa mu NBA mu 2008. Uganize bwino pamenepo: ligi imeneyo ili ndi matimu 30, ndipo pa chaka amasankha anthu 60 okha padziko lonse. Iye anali woyamba mwa 60 amenewo.

Ntchito ya gadi ukuidziwa. Ndiye amene amatenga mpira kuchokera kumbuyo, kuyang'ana bwalo lonse, n'kudziwa woti ampatsire. Nthawi zambiri amakhala wamfupi pakati pa zimphona, choncho amadya ndi miyendo yake. Rose, wa msinkhu pafupifupi mamita 1.9, ankalowa pakati pa anthu omuposa kutalika ngati mphaka, kukhota mwadzidzidzi, kudumpha, n'kudzipotokola m'mwamba momwemo. Mu 2011 ankagoletsa mapointi 25 pa masewero alionse, Bulls inapambana masewero 62, ndipo anamusankha kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ali ndi zaka 22 zokha. Panalibe wina amene analandirapo ulemu umenewo ali wamng'ono chotero.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 28 April 2012, m'masewero oyamba a ndime yochotsana, Bulls inkasewera ndi Philadelphia 76ers. Inali patsogolo ndi mapointi 12, nthawi itatsala mphindi imodzi ndi timasekondi. Masewero anali atatha kale, tinganene. Rose anathamanga ndi mpira, n'kuponda ndi mapazi onse awiri kuti adumphe monga ankachitira tsiku lililonse. Palibe anamukankha, palibe anamukhudza. Mtsempha wa m'kati mwa bondo lakumanzere, umene madokotala amautcha ACL, unaduka.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna umvetsetse. Mtsempha umenewo ndi umene umagwira fupa la katumba kuti lisaterereke pansi pa fupa la ntchafu. Ukamathamanga n'kuima mwadzidzidzi, kapena kukhota phazi litakanirira pansi, mphamvu yonse imathera pamenepo. Chimene chimampatsa gadi ulemerero n'chomwenso chimamudya bondo. Ndinakuona iwe ukutera ndi mwendo umodzi wowongoka, bondo likupindikira m'kati, ndipo mtima wanga unagunda. Uzitera ndi mapazi onse, mawondo opinda, ndipo ulimbitse ntchafu ndi chiuno. Zimenezi n'zotopetsa, palibe amakuombera m'manja, koma uzichita.

Rose anakhala chaka chonse osasewera. Atabwerera mu 2013, anangosewera masewero 10, bondo linalo n'kuvulalanso ku Portland. Mu 2015 opaleshoni ina, mu 2017 inanso. Bulls inamugulitsa ku New York mu 2016, kenako anapita ku Cleveland, komwe anachoka kwa kanthawi kukalingalira ngati apitirize kapena asiye. Mu February 2018 anamutumiza ku Utah Jazz, ndipo iwo anamumasula asanavale n'komwe yunifomu yawo. Anthu omwe aja ankaimba dzina lake anayamba kumuseka pa intaneti. Zimenezo zimandipweteka mpaka lero, chifukwa mnyamatayo sanalakwire munthu. Thupi ndi limene linamukana.

Tsono tamvera mbali imene anzako salankhula. Mphunzitsi wake wakale wa ku Chicago, Tom Thibodeau, anamuitana ku Minnesota. Sanamuitane kuti akhale mfumu ya timu, koma kuti aziyambira pa benchi. Munthu amene anali woposa onse anavomera kudikira kuti aitanidwe. Anasintha kasewero kake. Anachepetsa zodumpha zija, n'kuphunzira kusinthasintha liwiro, kuponya mpira mofewa pamwamba pa manja a zimphona, ndi kuponya kuchokera kutali, chinthu chimene poyamba sichinkamuyendera kwenikweni. Kuthamanga sikufika, ndipo iye anazidziwa mawondo atam'phunzitsa.

Pa 31 October 2018 anakumana ndi Utah yomwe ija. Anagoletsa mapointi 50, ochuluka kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake mu NBA, ngakhale m'masiku a mawondo abwino aja. Kumapeto anatchinga mpira umene ukanafananitsa zigoli, Minnesota n'kupambana 128 kwa 125. Analira pabwalo pomwepo, anzake atamuzinga. Pambuyo pake anasewera ku Detroit, n'kubwerera ku New York, n'kumalizira ku Memphis komwe anayambira, ndipo anapuma mu September 2024. Chikho cha ligi sanachinyamulepo. Ena amati n'zomvetsa chisoni. Ine ndimaona munthu amene anakhalabe m'ntchito zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pa tsiku limene ambiri anati watha.

Iwe udziwe kuti Rose anavulala atasaina kale kontirakiti ya zaka zisanu, ndipo ndalama zake zinkabwera ngakhale ali pa ndodo. Anali ndi madokotala apamwamba ndi anthu omuphunzitsa kuyendanso. Magadi ambiri olipidwa alibe mwayi umenewo. Amasewera m'maligi a ku Ulaya, ku Asia, kapena mu Basketball Africa League imene inayamba ku Kigali mu 2021, kawirikawiri pa mgwirizano wa nyengo imodzi, ndipo bondo likaduka mwezi wachitatu, chaka chamawa palibe amene amawafuna. Njira imeneyo ndi imene ili pafupi ndi iwe, ndipo si yonyozeka. Koma ndi chifukwa chake sindikufuna kumva kuti wajomba kusukulu kuti ukaponye mpira. Ngakhale ku America, khomo la anyamata ambiri limadzera ku koleji, ndipo kumeneko amayamba kufunsa za mayeso.

Dzanja lako lamanzere likadali lofooka. Aliyense wokutchinga wadziwa kale kuti umapita kumanja. Umayendetsa mpira maso ali pansi, ndiye mnzako wamtali uja anaima yekha pansi pa mkombero katatu konse iwe osamuona. Mawa ukaweruka, homuweki ikatha, ubwere ndi mpirawo kuseri kwa nyumba. Dzanja lamanja ulibisa kumbuyo, maso uyang'ana ine, ndipo ndizikuwerengera.