Kodi Salimo 91 linatinamiza?

Mu 2020 dera lathu la Brent, momwe muli Wembley, linali limodzi mwa madera a ku London omwe anataya anthu ambiri ndi COVID-19. Ena mwa omwalirawo anali anthu opemphera, odziwa pamtima Salimo 91 lomwe limanena za chitetezo ku mliri. Kodi Mulungu anawataya?

Ine namwino ndikuti ayi. Kumbukirani kuti pa Mateyu 4 Satana anatchula salimo lomweli pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi. Yesu anakana, chifukwa kudalira Mulungu n'kosiyana ndi kumuyesa. Ndipo Yesu yemweyo, wodalira Atate ndi mtima wonse, anafabe pamtanda, koma Atate sanamusiye m'manda.

Choncho salimoli silitilonjeza kuti sitidzadwala. Vesi 15 likulonjeza kuti Mulungu adzakhala nafe m'masautso momwemo. Imwani mankhwala anu a BP, pitani kwa GP, landirani katemera, kenako mugone mtima uli m'malo. Wosiya mankhwala n'kumati ndi chikhulupiriro waima pamwamba pa Kachisi paja, ndipo mawu omuuza kuti adumphe si a Mulungu.