Mng'oma sautsegula chitsegulire

Ana anga, inu amene mwayamba kumene kuweta njuchi, chenjerani ndi manja oyabwa. Njuchi zikangolowa mumng'oma, mnyamata mtima sukhala m'malo: mawa wavundukula, mkuja wabwera ndi mnzake kudzamuonetsa. Mwezi usanathe mng'oma uli gwaa, iye nkumati wina wamuchita chipongwe. Palibe wakuchitani kanthu apo, mwazipirikitsa nokha.

Mabuku ena olembedwa ku Ulaya amati muzitsegula pa masiku 7 mpaka 10 alionse m'nyengo ya maluwa. Chifukwa chake chilipo: njuchi zikafuna kugawikana zimalera mfumukazi yatsopano, ndipo kachipinda kake kamamatidwa pakangotha masiku 8 kapena 9, choncho mlimi amafuna aphwanye kachipindako gulu lisananyamuke. Koma njuchi zawozo n'zofatsa. Zathu zino n'zaukali, ndipo zikasokonezedwa kawirikawiri sizinyengerera, zimasiya zisa ndi ana omwe n'kupita kukafuna mphako kwina.

Muzikumbukira chimene mumaononga mukatukula chivundikiro. Pamene pali ana a njuchi pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, ndipo njuchi zimadya uchi kuti zisunge kutenthako. Inu mukalowetsa mphepo, ziyambirenso. Ming'alu yonse imene zinamata ndi phula mwaiswa, zimatenso. Ntchito imeneyo ikanapita ku maluwa.

Tsono kumalo a ming'oma muzipitako sabata iliyonse, koma ndi maso ndi makutu basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imani chapambali, osati kutsogolo kwa khomo. Mukaona njuchi zikutera ndi timibulu ta mungu tachikasu kumiyendo, dziwani kuti kawirikawiri mkatimo mumakhala muli ana ndipo mfumukazi ikuikira. Onani ngati waya wopachikira akadali ndi girisi wotchinga nyerere ndi linthumbu, ngati udzu sunakule n'kukhudza mng'oma, ngati chiuli sichinasiye zikande. Kanthawi kena unyamuleni pang'ono kumbuyo: kulemera kwake kukuuzani za uchi.

Kutsegula kwenikweni, kamodzi pamwezi n'kokwanira. Mitengo ya mombo ikachita maluwa chilimwe, cha mu Seputembala mpaka Novembala, mutha kufupikitsa n'kumaona pa masabata awiri kapena atatu, kuti malo asazithere. M'mwezi wa Juni ndi Julaye, kukuzizira, zisiyeni, pokhapokha muli ndi uchi wofula. Gulu longolowa kumene lipatseni masabata atatu kapena anayi liyambe lamanga zisa ndi kulera ana. Likatero silifulumira kusamuka.

Tsiku lotsegula mupite mukudziwa chimene mukukafuna. Sankhani madzulo kopanda mphepo ndi mvula, ana ndi ziweto zili kutali. Fukizani utsi wozizira wa zitsononkho pakhomo, dikirani pang'ono. Gogodani timatabwa ta pamwamba kuyambira kumbuyo: tolira ngati ng'oma tilibe kanthu, yambirani pamenepo. Chisa chigwireni choimika, mukachipendeketsa chithyoka. Mfumukazi musavutike n'kuisakasaka, mukaona mazira ndiye kuti ilipo. Mphindi 10 kapena 15 zikakwana, bwezerani chilichonse m'malo mwake, mutseke.

Pali nthawi yosadikira mwezi. Mukapeza njuchi zakufa zili mbwee pansi pa khomo, kapena fungo lowola likutuluka, kapena m'mawa wadzuwa pakhomo pali zii pomwe ming'oma inzake ikusefukira, valani zovala zanu zodzitetezera tsiku lomwelo mukatsegule.